Anawoloka nyanja kutsata Mulungu kapena kutsata ndalama? Za midzi yoyamba ya atsamunda a ku England ku America

A Mwale: Akuluakulu nonse, landirani moni. Sabata ino ndakhala ndikuthandiza mwana wanga kuwerenga mbiri ya atsamunda oyamba a ku England amene anakakhazikika ku America m'zaka za m'ma 1600, ndipo zimene analemba m'kope mwake zandisiya ndi funso. Zikunena kuti amene anakafika ku Virginia mu 1607 ankatsata chuma, pamene amene anakafika ku Plymouth mu 1620 ndi ku Massachusetts mu 1630 ankatsata ufulu wopembedza Mulungu monga mwa chikhulupiriro chawo. Ine kugawa kotereku kukundikayikitsa, chifukwa munthu wopemphera nayenso amamva njala, ndipo chombo chowoloka nyanja ya Atlantic chimafuna wina wochilipirira. Kodi atsogoleri a mipingo aja ndalama anazitenga kuti, ndipo atafika ankadya chiyani? Amene munawerenga bwino nkhaniyi, chonde tithandizeni.

Mayi Nachisale: A Mwale, mwafunsa pamene penipeni pagona nkhani. Ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, choncho mundikhululukire ndikayamba ndi ngongole. Anthu a ku Plymouth aja anali kagulu kamene kanapatuka mu Church of England n'kuthawira mumzinda wa Leiden ku Holland, kumene anakhala zaka zoposa khumi akugwira ntchito zolemetsa za malipiro ochepa. Ndalama zolipirira chombo chawo cha Mayflower analibe. Anazipeza kwa amalonda a ku London amene ankatsogoleredwa ndi Thomas Weston, ndipo pangano lake linali lakuti kwa zaka zisanu ndi ziwiri zonse zimene angapeze zikhale za kampani, kenako adzagawane ndi eni ndalamawo. Mwa anthu 102 amene anakwera chombocho, a mpingo wa ku Leiden sanakwane ngakhale theka, ena onse anali anthu ofuna malo, amisiri ndi antchito. Pafupifupi theka la onsewo linamwalira m'chisanu choyamba, koma kalata imene Weston anatumiza mu 1621 inali yodandaula kuti Mayflower inabwerera ku England yopanda katundu. Tangoganizani, anthu angoika kumene abale awo m'manda, mwini ngongole akufunsa za katundu. Atatumiza zikopa ndi matabwa pa chombo chotchedwa Fortune chaka chomwecho, katunduyo analandidwa panyanja ndi anthu a ku France.

Mu 1626 anagwirizana zogula gawo la amalonda aja pa mapaundi 1,800, kulipira mapaundi 200 chaka chilichonse, ndipo William Bradford, amene anali bwanamkubwa wawo, pamodzi ndi anzake ochepa anasenza ngongoleyo posinthana ndi ufulu woti iwo okha ndiwo azigula zikopa kwa eni nthaka. Zikopazo zinali za kanyama ka m'madzi kotchedwa beaver, kofananako ndi katumbu, kamene ubweya wake ankapangira zipewa ku Ulaya. Ngongoleyo anaimaliza m'zaka za m'ma 1640.

Abusa Banda: Mayi, zowerengera zanu sindikuzitsutsa, koma ndikupempha kuti tisawasandutse anthu aja amalonda obisala m'Baibulo. Munthu wofuna phindu lokha sanyamula mkazi ndi ana aang'ono kupita nawo kudziko limene sanalionepo. Ku Jamestown, mudzi woyamba wa atsamunda ku Virginia, oyamba kufika anali amuna ndi anyamata okhaokha, oposa 100 pang'ono, pamene ku Massachusetts kunkapita mabanja athunthu, ena pamodzi ndi mbusa wawo. John Winthrop, amene anatsogolera zombo 11 mu 1630, anali munthu wa malo ake ndiponso wodziwa malamulo ku England, sanali wosowa. Mawu ake otchuka aja, akuti iwo adzakhala ngati mudzi wa pamwamba pa phiri, anawatenga pa Mateyu 5:14, ndipo cholinga chake chinali kuwachenjeza kuti akalephera dziko lonse lidzaona. Pofika cha m'ma 1640 anthu pafupifupi 20,000 anali atawoloka kupita ku New England, chigawo cha kumpoto kumene kuli Plymouth ndi Massachusetts. Anakhazikitsa koleji ya Harvard mu 1636 pofuna kuti mipingo isadzasowe abusa ophunzira, ndipo mu 1647 analamula kuti mudzi uliwonse wa mabanja 50 ulembe mphunzitsi kuti ana azitha kuwerenga Malemba okha. Zimenezi sizinabweretse ngakhale khobidi limodzi kwa eni masheya.

A Phiri: Ine ndine mlimi wa fodya kuno ku Kasungu, ndiye ndilankhulako za Virginia, chifukwa nkhani yake ndikaiwerenga ndimamva fungo la m'chigafa. Kampani ya Virginia Company of London inalandira chikalata chololeza kukakhazikitsa midzi ku America kwa mfumu James I mu 1606, ndipo anthu ake ankayembekezera golide. Golideyo sanamupeze, m'malo mwake anapeza njala ndi matenda. John Smith anachita kuwalamula ndi mawu a pa 2 Atesalonika 3:10, akuti wosafuna kugwira ntchito asadye, zimene zikusonyeza kuti Baibulo linaliponso ku Virginia, a Abusa. Smith atabwerera kwawo, chisanu cha 1609 mpaka 1610 chinasiya anthu pafupifupi 60 okha amoyo m'linga la Jamestown.

Chimene chinawapulumutsa ndi mbewu ya fodya imene John Rolfe anayesa kudzala mu 1612, yochokera cha ku zilumba za Caribbean, yofewa pakhosi kusiyana ndi fodya amene eni nthaka ankalima. Patangopita zaka zisanu, fodya anali atadzalidwa ngakhale m'misewu ya Jamestown, ndipo atsogoleri anachita kuika lamulo lakuti munthu ayambe walima maekala awiri a chimanga asanadzale fodya. Lamulo limeneli ndimalimvetsa bwino. Chaka china ine ndinapereka munda wonse kwa fodya poganiza kuti chimanga ndidzagula ndikabwera ku okushoni. Mabelo anga anabwezedwa kawiri, mtengo unatsika, ndipo pofika Januwale mayi a kunyumba ankapima ufa ndi kambale ka ndiwo. Kuyambira pamenepo nkhokwe ndiyo imayamba.

Chimene anthu osalima sadziwa n'chakuti fodya amadya zinthu ziwiri, nthaka ndi manja a anthu. Kufesa nazale, kuwokera, kudulira nsonga, kuchotsa mphukira, kuthyola, kusoka, kuyanika, kusankha, zonsezi zimafuna anthu chaka chonse. Ku Virginia kunalibe feteleza, choncho munda ukalimidwa zaka zitatu kapena zinayi unkaguga, ndipo mlimi ankaswa mphanje kwina. Mphanje imeneyo inali nthaka ya anthu a Powhatan. N'chifukwa chake mu 1622 mtsogoleri wawo Opechancanough anaukira ndi kupha atsamunda 347 tsiku limodzi, ndipo mu 1624 mfumu inalanda deralo m'manja mwa kampani.

Mayi Nachisale: Pa nkhani ya manja a anthuyo, a Phiri, ndiwonjezerepo. Kuyambira 1618 aliyense wolipirira munthu ulendo wa pachombo ankapatsidwa maekala 50 pa munthu aliyense. Wolipiriridwayo ankagwira ntchito zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri popanda malipiro pobweza mtengo wa ulendowo, ndipo ambiri ankamwalira nthawiyo isanathe. Wolemera ankapindula kawiri, malo ndi wantchito. Mu 1619 ku Point Comfort, pa gombe la Virginia, kunafika anthu a ku Africa oposa 20 pang'ono, ogwidwa kudera la Angola, amene analandidwa pa chombo cha Apwitikizi. Poyamba anali ochepa poyerekeza ndi antchito achizungu, koma malamulo anapita nalimba, mpaka mu 1662 anakhazikitsa kuti mwana wobadwa kwa mayi amene ndi kapolo nayenso ndi kapolo.

Ndipo fodyayo ndiye anali ndalama. Msonkho ankalipira ndi fodya, chindapusa ndi fodya, ndipo atsikana amene kampani inatumiza cha m'ma 1620 kuti akakwatiwe, mwamuna wowakwatira ankabweza mtengo wa ulendo wawo ndi fodya wolemera mapaundi 120 kapena 150. Ngakhale abusa a Church of England ankalandira malipiro awo mu fodya, ndipo pambuyo pake lamulo linaika mlingo wa fodya wolemera mapaundi 16,000 pachaka. Mbusa wa kudera la fodya wabwino ankakhala wolemera kuposa mnzake wa kudera la fodya wachabechabe.

A Tembo: Moni kwa nonse kuchokera kuno ku Boston, kumene ndakhala zaka zingapo tsopano. Ndikufuna kuuza a Abusa zinthu ziwiri zimene ndinaona ndi maso anga ku nyumba ya malamulo ya Massachusetts. M'chipinda cha aphungu mwapachikidwa nsomba yosema ndi mtengo, yotalika pafupifupi ngati munthu wamfupi, yolendewera m'mwamba moyang'anizana ndi mpando wa sipikala. Nsombayo ndi cod, ndipo anaiika pamenepo pokumbukira chimene chinalemeretsa deralo. Nthaka ya kuno ndi ya miyala, chisanu n'chachitali, fodya sakanachita bwino. Anthu atasiya kubwera ochuluka cha m'ma 1640 chifukwa cha nkhondo ya pachiweniweni ku England, malonda ogulitsa ng'ombe ndi chimanga kwa obwera kumene anagwa, ndipo anthu anatembenukira kunyanja. Anayamba kupha cod, kuithira mchere ndi kuiyanika, kudula matabwa ndi kukhoma zombo. Nsomba zabwino ankagulitsa ku Spain ndi ku Portugal, kwa Akatolika omwe aja ankawanyoza pa guwa, ndipo zophwanyika ndi zoipa ankatumiza ku Barbados ndi zilumba zina kuti zikhale ndiwo za akapolo a m'minda ya nzimbe. Pobwerera ankatenga shuga ndi madzi akuda otsala popanga shuga, amene ankaphikira mowa wa rum. Tinganene kuti analibe minda ikuluikulu ya akapolo, koma mphika wawo unkawira ndi nkhuni za ukapolo.

Chinthu chachiwiri chili panja pa nyumba yomweyo. Ndi chiboliboli cha mayi atakhala pa benchi, manja ali pa miyendo, mutu atawerama pang'ono. Ameneyo ndi Mary Dyer, wa mpingo wa Quaker, amene anapachikidwa mu Boston mu 1660 chifukwa chobwerera mumzindawo atathamangitsidwa kaamba ka chikhulupiriro chake. Choncho mawu akuti anatsata ufulu wa chipembedzo ayenera kuwongoledwa. Anatsata ufulu woti iwo apembedze m'njira yawo, ndipo kuyambira 1631 mwamuna amene sanali membala wa mpingo sankaloledwa kuvota.

Abusa Banda: A Tembo, za Mary Dyer ndi zoona ndipo n'zochititsa manyazi. Koma taonani kuti zimene mwanenazo zikutsimikizira mfundo yanga m'njira ina, chifukwa munthu wosamala za phindu lokha sapachika kasitomala. Anachita zoipazo chifukwa chikhulupiriro ankachitenga ngati nkhani ya moyo ndi imfa. Pali chitsanzo china chimene ndimachikonda. Mu 1639 wamalonda wina wa ku Boston, Robert Keayne, anazengedwa mlandu chifukwa chokweza mitengo ya katundu mopyola, anamulipiritsa chindapusa cha mapaundi 200 chimene pambuyo pake anachichepetsa, ndipo mpingo unamuimika pamaso pa anthu kuti alape. Kodi ndi mpingo uti lero umene ungaimike wamalonda wopereka chakhumi chachikulu chifukwa cha mtengo wa misomali? Chimene ndikuvomera n'chakuti mphamvu imeneyo siinakhalitse, ndipo adzukulu a anthu amene anamuweruza Keayne ndiwo anadzakhala eni zombo.

Mayi Nangondo: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndaona kuti eni nthaka akungotchulidwa modutsa, pamene chuma chonse chimene tikukambachi chinayambira pa iwo. Anthu a Mayflower anamanga pa mudzi wa Patuxet umene eni ake anali atatha ndi mliri pakati pa 1616 ndi 1619, minda yake ili yoswa kale. Chimanga chimene anadzala chinali cha eni nthaka, ndipo amene anawaphunzitsa kuchidzala pokwirira nsomba m'phando ngati manyowa anali Tisquantum, amene ankadziwa Chingerezi chifukwa anagwidwapo ndi Mngerezi wina n'kutengedwa kupita ku Spain kuti akagulitsidwe. Zikopa zimene zinalipira ngongole ija zinkasakidwa ndi eni nthaka omwewo. Mu 1637 asilikali a atsamunda anatentha mudzi wa a Pequot ku Mystic ndi kupha anthu mazana, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi okalamba. Ena mwa ogwidwa anatumizidwa ku zilumba, ndipo mu 1638 chombo chotchedwa Desire chinabwerera ndi akapolo a ku Africa. Malamulo a Massachusetts a 1641 anavomereza ukapolo poyera.

Pakati pa atsogoleri a chipembedzo onsewa, amene anafunsa funso loyenera anali Roger Williams. Iye ananena kuti mfumu ya ku England ilibe mphamvu yopereka nthaka imene si yake, ndiponso kuti boma lisamakakamize munthu pa za chikumbumtima. Mfundo yoyambayo inkagwedeza chikalata chimene dera lonse linaimapo, choncho musadabwe kuti mu 1635 anamuweruza kuti achoke. Anathawa m'chisanu, anasungidwa ndi eni nthaka, ndipo mu 1636 anayamba mudzi wa Providence pa malo amene anapatsidwa ndi mafumu a Narragansett. Anne Hutchinson, mzamba amene ankachititsa misonkhano ya Baibulo m'nyumba mwake, anazengedwa mlandu mu 1637 ndipo nayenso anathawira ku Rhode Island, dera limene kuli Providence, chaka chotsatira.

A Mwale: Zikomo kwambiri nonse, kope la mwana wanga layamba kuchepa. Nanga Maryland ndi Pennsylvania? M'kopemo mwangolembedwa kuti kwina kunali kwa Akatolika, kwina kwa a Quaker.

Mayi Nachisale: Madera awiriwa ndi osiyana ndi ena chifukwa mfumu inapereka dera lililonse kwa banja limodzi ngati munda wa munthu, ndipo mwini munda amafuna anthu oti azilipira lendi. George Calvert, Lord Baltimore, analowa Chikatolika ndipo anapempha malo, koma anamwalira mu 1632 chikalata chisanatuluke, choncho chinapita kwa mwana wake Cecil. Zombo ziwiri, Ark ndi Dove, zinafika mu 1634 zili ndi ansembe a Jesuit monga Andrew White, koma antchito ambiri m'zombomo sanali Akatolika, ndipo Akatolika anakhala ochepa m'dera lawo lomwe. Lamulo la 1649 lolola Akhristu a mipingo yosiyana kukhala limodzi linali chitetezo cha ochepawo, komanso njira yoti alimi a mipingo ina asaope kubwera. Linali ndi malire ake, chifukwa wokana Utatu Woyera chilango chake chinali imfa. Pa za chuma Maryland inangokhala mphwake wa Virginia, fodya yemweyo, antchito a pangano omwewo, kenako akapolo, ndipo ansembe nawonso anali ndi minda yolimidwa ndi akapolo.

William Penn analandira Pennsylvania mu 1681 kuchokera kwa Charles II, amene anali ndi ngongole ya mapaundi 16,000 kwa bambo ake a Penn. Penn anali wa Quaker weniweni, anamangidwapo kangapo chifukwa cha chikhulupiriro chake, ndipo ankafuna kugula malo kwa eni nthaka a mtundu wa Lenape m'malo molanda. Koma analinso wotsatsa malonda waluso, amene anafalitsa timabuku ku England, ku Holland ndi ku Germany, akugulitsa maekala 5,000 pa mapaundi 100. Kulolera zipembedzo kunadzaza deralo ndi alimi odziwa ntchito, nthaka inali yachonde, tirigu ndi ufa zinkatuluka pa doko la Philadelphia, ndipo mzindawo unakula msanga. Chodabwitsa n'chakuti mwini wakeyo sanalemere nalo. Anakhalako zaka pafupifupi zinayi zokha m'maulendo awiri, alimi ankazemba lendi, woyang'anira chuma chake anamumangirira m'ngongole, ndipo mu 1708 anatsekeredwa m'ndende ya angongole ku London. Iye mwini anali ndi akapolo, ngakhale kuti a Quaker ena a ku Germantown analemba chikalata chotsutsa ukapolo mu 1688. Ana ake, amene sanatsate njira ya bambo awo, ndiwo anabera a Lenape malo aakulu mu 1737 pochita kulemba anthu othamanga kuti ayeze mtunda umene unayenera kuyezedwa poyenda.

A Phiri: Pamenepa mpomwe ine ndikuona kuti mbewu ndiyo inkaweruza mlandu. Mkatolika wa ku Maryland ndi wa Anglican wa ku Virginia ankadana pa za pemphero, koma minda yawo inali yofanana chifukwa onse ankalima fodya. Tirigu amafuna manja ochuluka nthawi yokolola yokha, ndiye banja ndi antchito ochepa ankakwanitsa. Onaninso Georgia, kumene James Oglethorpe anafika mu 1733 ndipo eni chikalata analetsa ukapolo ndi mowa wa rum mu 1735. Anthu ake ankayang'ana tsidya lina la mtsinje wa Savannah n'kuona anzawo a ku South Carolina akulemera ndi mpunga wolimidwa ndi akapolo, anadandaula osaleka, ndipo pofika 1751 chiletsocho chinachotsedwa.

Mayi Nangondo: A Phiri, mbewu siimanga munthu unyolo, omanga ndi anthu. Tikanena kuti fodya ndiye anaweruza, tikuwachotsera mlandu aphungu amene anakhala pansi mu 1662 n'kulemba lamulo lija. Ndipo Rhode Island, kumene kunalibe fodya kapena mpunga, kwa Roger Williams komwe, ndi kumene m'zaka za m'ma 1700 kunkachokera zombo zochuluka kuposa dera lina lililonse la atsamundawa zopita ku Africa kukagula anthu ndi rum.

A Tembo: Mayi mwalasa. Ndingowonjezera kuti kaphatikizidwe ka mpingo ndi kampani sikachilendo kwa ife. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ndipo pofika 1878 amalonda a ku Glasgow anali atakhazikitsa kampani imene tonse timaidziwa kuti Mandala, yoyendetsedwa ndi John ndi Frederick Moir, kuti izinyamulira amishoni katundu ndi kuchita malonda. Kusiyana kwake n'kwakuti aja a ku New England anapita kukamanga mipingo ya iwo eni, osati kwenikweni kukatembenuza eni nthaka. Ndipo John Chilembwe anakaphunzira ku Lynchburg, m'Virginia momwemo, pakati pa ana ndi adzukulu a anthu amene ankalima fodya uja ali akapolo.

Abusa Banda: Ndikuvomera zambiri zimene mwanena, makamaka za Mayi Nangondo, ngakhale sindikusiya mfundo yanga yakuti popanda chikhulupiriro mabanja aja sakanakwera zombo. A Mwale, ngati mwana wanu akufuna munthu mmodzi woti amuyang'anitsitse, ndingasankhe Williams, chifukwa mwa iye zinthu ziwirizi zinayendera limodzi mosabisa. Atasiya ubusa wolipidwa, ankadya za malonda, ndipo anali ndi nyumba yogulitsiramo katundu ku Cocumscussoc, pakati pa a Narragansett, amene chilankhulo chawo anachiphunzira mpaka kuchilembera buku mu 1643. Mu 1651, pamene chikalata cha dera lawo chinali pa chiopsezo ndipo panalibe womulipirira ulendo wokachiteteza ku London, anagulitsa nyumba ya malonda ija kwa mnansi wake Richard Smith, nakwera chombo ndi ndalamazo.